Bambo Anga pa Wilibala, Kukafuna Womva Chitaliyana

Bambo anga atadwala sitiroko chaka chatha, anagona masiku anayi osayankhula, ndipo tsiku lachisanu anadzuka ali Mtaliyana. Chichewa chimene anatilera nacho chinapita. Chishona chimene ankagulira buledi chinapita. Ngakhale Chizungu cha ku njanji, kumene anagwira ntchito yomanga mpaka kutipezera nyumba ya ku Rugare mu Harare, chinapita nawo. Chinatsala ndi chiyankhulo cha anthu amene anamanga nawo damu la Kariba atangothawa kwawo ku Ntcheu, ndevu zisanamere.

Zoti amachidziwa tinkadziwa. Tili ana, akadzimenya chala ndi hamala ankatulutsa mawu ena ake, amayi n'kutitseka makutu ngakhale iwonso sankamvapo kanthu. Ankatiuza kuti Mataliyana aja sanali ngati azungu ena a nthawi imeneyo. Ankasenza nawo simenti, kudya nawo pansi, kutukwana nawo limodzi, ndipo dzina lawo la Yohane analisandutsa Jovani. Koma palibe anaganizapo kuti tsiku lina tidzafuna womasulira kuti tidziwe ngati akufuna tiyi.

Ine ndine Lusiya, ndimagulitsa kaunjika pa Machipisa. Amayi anatisiya kalekale. Achimwene anga a Dikisoni amakhala ku Mufakose, ndipo ankabwera Lamlungu lililonse atavala jekete kudzafunsa ngati odwala adya. Ndiye kusambitsa, kutembenuza ndi kunyamula zonse zinali zanga. Ndipo nthawi iliyonse ndikawerama kuti ndiwanyamule, bambo ankandikankha pachifuwa ndi dzanja lamanzere limene linatsala lamoyo, misozi ili mbwembwembwe, n'kufuula kuti, “Metelizo, sicheta! Miya deperite!”

Mawu amenewa sankauza wina aliyense koma ine ndekha. Amayi ena a ku mpingo kwathu atawamva anandikokera kukhitchini.

“Mwana iwe, unawalakwira chiyani bambo ako? Awa ndi matemberero. Akapita nawo kumanda osawabweza, udzayenda nawo moyo wako wonse.”

Mlandu ndinali nawodi. Patatsala sabata kuti adwale tinakangana pa nkhani ya ziii, ya makiyi a geti, ndipo ine ndinawalasa kuti, “Ukalamba wanuwu wanditopetsa.” Kuchokera tsiku la amayi a ku mpingo aja, chakudya chinasiya kundikomera. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kumva ngati bambo anga akunditemberera, ndi kupepesa adakali ndi mpweya.

Tinayesa foni. Inamvetsera mofatsa n'kulemba kuti bambo akufuna matikiti awiri a mbuzi. Tinapeza mtsikana wachitaliyana wogwira ntchito m'tauni, anabwera, anamvetsera, anakanda m'mutu. Anati chimenechi si Chitaliyana cha kusukulu, n'cha anthu a m'mapiri a kumpoto kwa dziko lawo, ndipo iye ngwa kummwera, wamvapo “simenti” yekha. Mapeto ake azakhali athu a Nambewe a ku Balaka ndiwo anati kuseri kwa kwawoko kuli wansembe wokalamba wochokera kumapiri komweko. Tinawatumizira mawu pa foni. Wansembeyo anayankha kuti makutu ake anatha, wangomva tambala ndi wailesi, timubweretsere munthuyo.

A Dikisoni anavomera ulendowo mwachangu chondidabwitsa. Kenako anadziulula okha.

“Sisi, mdhara akulirira kumudzi, palibenso china. Komanso kunyamula munthu wamoyo n'kotchipa kusiyana ndi bokosi.”

Njinga ya odwala imene tinabwereka inali itapita kwa wodwala wina, choncho mmisiri woyandikana nafe anatipatsa wilibala. Ndinaitsuka, ndinayalamo kamatiresi ndi pilo. Bambo ataikidwamo anasuzumira tayala, analibanda ndi dzanja, anagwedeza mutu movomereza. Aka kanali koyamba kuvomereza chinthu chichokereni kuchipatala.

Tinafika pokwerera mabasi pa Mbare faifi koloko m'mawa, ine ndikukankha, a Dikisoni atapanira envelopu ya khaki m'khwapa. Ndinawapempha kuti tilandirane.

“Ine ndasenza mapepala, sisi. Mapepala ndiwo ulendo.”

Wokweza katundu anayang'ana wilibala, anayang'ana bambo, n'kufunsa mwaulemu wake wonse ngati ikwere pamwamba ndi sekuru omwe, kunena agogowo, kapena padera. Tinagwirizana zoti padera. Wilibala inalipira madola asanu, inakwera pamwamba pakati pa matumba a shuga ndi bedi la munthu wina. Basi yonyamuka sikisi koloko inanyamuka leveni koloko, itayamba yalizidwa injini kasanu kuti tisataye mtima.

Tisanafike n'komwe pa Murewa, basi yonse inali itadziwa nkhani yathu, chifukwa a Dikisoni sasunga mawu. Apa ndi pamene anadzuka bambo wina wamfupi wa tayi yofiira, a Kalimbuka, oyimbitsa kwaya ku Highfield.

“Mayi, mwavutikiranji? Chitaliyana ndimadya nacho ine. Nyimbo zonse za padziko lapansi zimalamulidwa m'Chitaliyana. Mjeremani, Mngelezi, Mtchaina, akafuna kuyimba mokweza amafunsa kwa Mtaliyana.”

Anasinthana mpando ndi mayi wina wa nkhuku, anakonza kukhosi, anayang'ana bambo m'maso.

“Alegro!”

Bambo phee.

“Moderato! Kreshendo! Fortisimo!”

Bambo anawayang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato, kenako anamasula mawu ataliatali osapumira, malovu akuthovoka. Basi yonse inatembenukira kwa a Kalimbuka.

“Akuti tiyimbe,” anatero a Kalimbuka.

Tinayimba kuchokera pa Murewa mpaka pa Mutoko, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, a Kalimbuka ataima pakati akugwa ndi mabampu. Bambo anga anatseka maso ngati munthu amene akuzulidwa dzino. Pa Mutoko ndinanong'oneza a Kalimbuka mawu aja ondisowetsa mtendere. Anawabwereza kawiri, n'kunena kuti m'buku la nyimbo mulibemo, mwina ali m'buku lachiwiri.

Pa Nyamapanda aliyense amatsika n'kuwoloka wapansi. Wilibala inatsitsidwa, bambo analowamo, ndipo apo panabuka mtsutso. Wa pachipata wina anati wilibala ndi chida cha ntchito, ilembedwe pa katundu. Mnzake anati chokhala ndi tayala ndi wokwera ndi galimoto, afune mapepala ake. Wachitatu, mayi wachifundo, anati tilembe kuti ndi mpando. A Dikisoni anatsegula envelopu yawo, anatulutsa chilichonse mpaka kalata ya ubatizo wa amayi, koma ya wilibala munalibe. Tinakhala ola lathunthu padzuwa, kenako inalembedwa kuti mpando, ndipo ndinakankha mpandowo kulowa m'dziko la Mozambiki.

Kumeneko mzere unali wautali, ndipo bambo anaupatsa mzerewo mawu amodzi aafupi. Wa yunifolomu amene ankadinda mapasipoti anatukula mutu, n'kuphulika kuseka mpaka chidindo chinagwa.

“Madala awa atukwana bwino!” anatero m'Chinyungwe chosakaniza ndi Chichewa. “Chipwitikizi chathu ndi Chitaliyana ndi pachibale, mayi wawo ndi mmodzi, Chilatini. Kutukwana kokha timamvana.”

Ndinafuna amvenso mawu aja. Ndinawerama ngati ndikufuna kuwanyamula, ndipo bambo anandikankha n'kufuula mawu awo aja. Wa yunifolomu uja anatchera khutu. Ndinawerama kachiwiri, kachitatu, anthu a pamzere akuonerera. Iye anapukusa mutu.

“Ayi, mana, mlongo wanga. Amenewo si a pachibale chathu. Koma nkhope yawoyo siyabwino.”

Zimenezo ndiye zinandithera mphamvu. Ndinakwera basi ndikulira chamumtima.

Titadutsa Changara, basi inatsokomola kawiri n'kuzima pakati pa tchire. Dziko limenelo Mulungu analiiwala pa moto. Tinatsika, ndinakankhira bambo pansi pa mlambe wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Dalaivala anagogoda apa ndi apo kwa maola awiri, kenako analengeza kuti vuto ndi batire, amuna onse akankhe. Amuna aja anakankha, wina uku akuyankha foni, wina akankha pamene mnzake akupuma, a Dikisoni akulozera ndi envelopu. Basi sinasunthe ngakhale pang'ono.

Mwadzidzidzi kunamveka mawu kuchokera mu wilibala, mawu amene sindinawamvepo m'nyumba mwathu.

“Ooo, isa! Ooo, isa!”

Bambo anali atadzutsa mutu, dzanja lamanzere likumenya m'mbali mwa wilibala ngati ng'oma. Amuna aja anayang'anana. Palibe anafunsa tanthauzo. Pa “ooo” anakoka mpweya, pa “isa” anakankha onse pamodzi, ndipo kachitatu basi inayenda, inalira, inatulutsa utsi wakuda. Anthu anaombera m'manja. A Kalimbuka anati kumeneko ndiye kuyimbitsa, ndipo mayi wa nkhuku anapatsa bambo dzira lowiritsa. Bambo ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Koma nditangowerama kuti ndiwakweze m'basi, kuseka kuja kunazima, dzanja pachifuwa panga, “Metelizo, sicheta!” Anthu osawadziwa anawasekera, ine mwana wawo ayi. Zinandiwawa kwambiri.

Pa Tete tinawoloka Zambezi dzuwa litapendeka. Bambo anakanikiza chipumi pagalasi, anauyang'ana mtsinjewo n'kuyamba kuukalipira, chala chili m'mwamba, kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo. Ndikuganiza kuti ankaufunsa kuti wadutsa bwanji pamene iwo anautseka ndi manja awo. Pa Zobue tinapeza chipata chitatsekedwa, tinagona m'basi momwemo.

Kutacha bambo anafunika kusamba, ndipo ndisanene zambiri, anafunikadi. A Dikisoni anati akukasintha ndalama. Ndinagula ndowa ya madzi, ndinawakankhira kuseri kwa basi, amayi awiri anandigwirira zitenje atayang'ana kumbali. Bambo anafuula mawu aja mpaka mawu anasasa. Mmodzi wa amayiwo anayankhula osacheuka.

“Kodi amuna kwanuko anatha?”

“Alipo, mayi. Asenza mapepala.”

Pa Mwanza bambo analowa m'dziko lawo patapita zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. A Dikisoni anakonzeratu foni kuti ajambule misozi. Bambo anayang'ana mapiri, anayang'ana ogulitsa manachesi, anayasamula n'kugona. Pa Zalewa tinatsika n'kukwera minibasi, wilibala anaimangirira kumbuyo pamodzi ndi mtolo wa usipa, moti pofika pa Balaka mpando wa bambo unkamveka fungo usanaoneke.

Azakhali a Nambewe anatilandira ndi kulira kwa pamaliro, mpaka bambo anawakalipira m'Chitaliyana, iwo n'kuleka. Anati ku mishoni ndi pafupi, n'kuloza ndi mlomo. Pafupi pa azakhali ndi mtunda wa maola awiri mumchenga. Akabaza anakana kunyamula munthu wosatha kudzigwirira. A Dikisoni anakwera kabaza kuti akatidziwitsiretu, ine ndinagwira wilibala, azakhali akutsogolera njira.

Wansembeyo tinamupeza pakhonde, nkhalamba yoonda ya ndevu zoyera, ndodo ili pamiyendo. Anatilonjera m'Chichewa chosalala, cha miyambi, chimene chinachititsa manyazi changa chosakaniza ndi Chishona. Analoza mpando wa ndalema kuti odwala akhalepo. Ndinawerama, ndinalowetsa manja m'khwapa mwa bambo, ndipo iwo monga mwa nthawi zonse anafuula.

Ndodo ya wansembe inagwa pansi. Anatsegula pakamwa, anatseka, kenako anayankha ndi mawu okhadzuka, omezeka kumapeto, osafanana ndi a mtsikana wa ku Harare uja. Bambo anatembenuka ngati aitanidwa ndi amayi awo. Anayankha. Wansembe anakokera mpando wake pafupi, khutu lake pakamwa pa bambo, ndipo nkhalamba ziwirizo zinayamba kulongolola, kuseka, kumenyana pamaondo, ife titangoti kakasi.

Patapita nthawi wansembe anapukuta m'maso n'kutikumbukira.

“Pepani ana anga. Chiyankhulo ichi ndinachimva komaliza pakamwa pa mayi anga. Kwathu kale chigwa chilichonse chinali ndi chakechake. Chimene mumachitcha Chitaliyana chinali cha mzinda umodzi, cha alembi a mabuku, ndipo ife a m'mapiri tinkachiphunzira kusukulu ngati chachilendo. Ukayankhula cha kwanu, aphunzitsi ankakumenya ndi rula. Kenako kunabwera wailesi ndi kanema, ana anayamba kuchita nacho manyazi. Lero ndikapita kwathu, adzukulu a mchimwene wanga amandiseka. Ndiye taonani, chabwera chokha pa wilibala kuchokera ku Harare.”

Za rulazo ndinazimva bwino, chifukwa nanenso kusukulu ku Rugare ndinkabisa Chichewa changa ngati chilonda. Koma a Dikisoni anali atatulutsa kale pepala la mafunso.

“Fada, tafunsani. Choyamba, akufuna kuikidwa kuno kapena ku Harare? Chachiwiri, nyumba.”

Wansembe anafunsa. Yankho linali lalitali, ndipo makutu a wansembe anafiira.

“Akuti sanafe. Akuti amene wawabweretsa kuno awabweze ku Rugare, kuli akazi awo m'nthaka ndi mapeyala awo pabwalo. Za nyumba akuti akadali momwemo. Zina zimene awonjezera zokhudza inu, bambo, sindingazibwereze, ndine wansembe.”

Azakhali anaseka mpaka kutsamira chipilala. Ine sindinaseke. Ndinagwada pasimenti.

“Abambo mfumu, funso langa ndi limodzi. Mawu aja ananena ndikuwanyamula, akhala akundiuza ine ndekha miyezi inayi. Ngati ndi temberero, musandibisire. Ndinawanyoza asanadwale, ndinati ukalamba wawo wanditopetsa. Muwauze kuti ndalapa.”

Wansembe anandiyang'ana modabwa.

“Temberero? Mwana wanga, amenewo ndi mawu a pa ntchito. Akuti, tula pansi mtsikana iwe, osati wekha.”

Anatembenukira kwa bambo, anayankhulana pang'ono, bambo akuloza ine ndi chibwano.

“Akuti ku damu kunali lamulo. Munthu akaweramira chitsulo cholemera ali yekha, kapitawo ankafuula mawu amenewa, ntchito yonse n'kuima mpaka abwere wachiwiri. Akuti anaona amuna amphamvu atathyoka msana, osadzukanso. Akuti iwe ukamawanyamula amamva msana wako ukulira, ndipo akhala akukuletsa tsiku ndi tsiku, koma ndiwe wosamva ngati mayi ako.”

“Nanga mawu ndinawanyoza nawo aja?”

Wansembe anafunsa. Bambo anapukusa dzanja ngati akuingitsa ntchentche, n'kuyankha mwachidule.

“Akuti unanena zoona. Iwonso wawatopetsa.”

Ndinakhala pansi pomwepo. Miyezi inayi ndinkaopa dzanja lija, osadziwa kuti likundimvera chisoni, ndipo ndinakankha munthu kudutsa mayiko atatu kuti ndikauzidwe kuti ndileke kumunyamula. Ndinalira mokweza, ndiponso ndinaseka, moti azakhali anaganiza kuti nanenso sitiroko yandigwira.

Dzuwa litapendeka wansembe anatopa, ndipo inakwana nthawi yobwerera. Thupi lili ndi chizolowezi chake. Ndisanaganize n'komwe ndinali nditawerama kale, manja m'khwapa mwa bambo. Dzanja lawo linafika pachifuwa panga, koma ulendo uno sanafuule. Ananena motsitsa, akundiyang'ana m'maso.

“Metelizo, sicheta.”

Ndinachotsa manja anga, ndinaongoka, ndinabwerera m'mbuyo. A Dikisoni anayang'ana uku ndi uku kufuna mwamuna woti athandize, ndipo anapeza nkhalamba ya ndodo ndi iwo eni basi. Anayang'ana ine. Ine ndinapinda manja kumbuyo.

“Achimwene,” ndinatero, “bambo andiletsa.”